Nkhanga Zinapangana Kusanapse: Za Maseŵera Ophatikiza Anyamata ndi Asungwana

Munthu amene anayendapo m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay dzuŵa litapendeka akudziŵa chimene ndikunena. Makoka ayanikidwa, usipa uli pa thandala, mabwato akokeredwa kumtunda, ndipo mchenga wonse wasanduka bwalo la mpira. Anyamata azika timitengo tiŵiri uku ndi tiŵiri uko, chikulunga chili pakati, phokoso lili pakamwa. Koma mukaponya maso cha kumadzi mudzaona asungwana a msinkhu womwewo ataŵerama, akutsuka mbale ndi kuchapa zovala, ena ali ndi mwana kumsana.

Ena adzati asungwana ali ndi mpira wawo wamanja, ndipo n'zoona. Timu yathu ya Malawi Queens inatichotsa manyazi pamene inagonjetsa New Zealand pa maseŵera a Commonwealth a 2018 ku Gold Coast m'dziko la Australia. Koma funso langa ndi lina. Kodi n'kotheka kuti mlongo ndi mlongo wake, kapena bambo ndi mayi akunyumba kwake, aseŵere m'timu imodzi popanda wina kusanduka woonerera ali m'bwalo momwemo? Aphunzitsi amene anayesapo kusakaniza ana pa mpira wamiyendo akudziŵa zimene zimachitika: anyamata amapatsirana okhaokha, ndipo msungwana amatha mphindi makumi atatu asanaukhudze mpira. Kukalipira anyamatawo sikuthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi lamulo loikidwa maseŵera asanayambe, ndipo pa nkhani imeneyi maseŵera otchedwa softball ali ndi zambiri zotiphunzitsa.

Chiyambi chake

Maseŵeraŵa sanafale kwathu kuno, choncho ndi bwino tiyambe tawadziŵa. Anabadwira mumzinda wa Chicago ku Amereka m'mwezi wa November 1887. Anyamata ena anasonkhana m'nyumba ya kalabu ya Farragut Boat Club kudikira zotsatira za mpira wa pakati pa masukulu aukachenjede a Yale ndi Harvard. Zotsatira zitafika, mmodzi anaponyera mnzake golovesi ya nkhonya mwanthabwala, ndipo winayo anaibweza ndi ndodo. Mtolankhani wina dzina lake George Hancock anamanga golovesiyo kuti ikhale ngati mpira, nalemba mizere pansi, maseŵera n'kuyambika. Dzina loti softball linadza pambuyo pake, mu 1926, kuchokera kwa Walter Hakanson wa bungwe la YMCA ku Denver, ndipo mu 1933 kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira malamulo ake limene lero likutchedwa USA Softball.

Chochititsa chidwi n'chakuti pa maseŵeraŵa amayi ndiwo anatsogola. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unali wa amayi, ku Melbourne mu 1965, pamene wa abambo unatsatira mu 1966 ku Mexico City. Ku Olimpiki softball inaloŵa mu 1996 ku Atlanta, inachotsedwa pambuyo pa 2008, inabwerera ku Tokyo mu 2021, ndipo inaikidwanso pa ndandanda ya maseŵera a 2028 ku Los Angeles.

Kaseŵeredwe kake n'kotere. Pabwalo pali ngodya zinayi, ndipo yachinayi ndiyo pakhomo pamene womenya amaima ndi chibonga chake. Timu imodzi imamenya, inayo imamwazikana m'bwalo kuŵakha mpira. Woponya amaponya chapansipansi, dzanja likudzera m'munsi mwa chiuno. Womenya akaumenya mpira amathamangira ku ngodya yoyamba, kenaka yachiŵiri ndi yachitatu, ndipo akabwerera pakhomo ndiye kuti wagoletsa chimodzi. Amatuluka ngati mpira wake waŵakhidwa usanagunde pansi, ngati mpira wafika pa ngodya yoyamba iye asanafike, ngati amukhudza nawo ali pakati pa ngodya ziŵiri, kapena ngati waphonya katatu. Atatu akatuluka, matimu amasinthana. Onse aŵiri akamenya ndiye kuti ndime imodzi yatha, ndipo maseŵera athunthu amakhala ndi ndime 7.

Malamulo a timu yophatikiza

Mtundu umene amaseŵera abambo ndi amayi pamodzi pongosangalala ndi uja wa kuponya mofatsa. Mpira uyenera kukwera kuposa msinkhu wa munthu wamtali, n'kutsika pang'onopang'ono pamaso pa womenya, kuti ngakhale wophunzira kumene athe kuumenya. Woponya amaima pa mtunda wa mamita 15, ndipo ngodya zimatalikirana mamita pafupifupi 21. Tsono taonani mmene malamulo a USA Softball amatsekera njira iliyonse yoponderezera amayi.

Lamulo loyamba ndi la chiŵerengero. M'bwalo mumaloŵa anthu 10, amuna 5 ndi akazi 5. Lachiŵiri ndi la mndandanda wa omenya: mwamuna akamenya, wotsatira akhale mkazi, mpaka onse atatha. Kaputeni alibe mphamvu yoika anyamata onse patsogolo n'kusiya asungwana kumchira.

Lachitatu ndi la malo oima. Opanga malamulo anadziŵa kuti makaputeni ochenjera adzabisa akazi onse kumene mpira sufikafika. Motero analamula kuti mwa anayi oima kutali, aŵiri akhale akazi. Mwa anayi olondera ngodya, aŵiri akhalenso akazi. Ndipo pakati pa woponya ndi woŵakha wapakhomo, mmodzi akhale mwamuna, wina mkazi.

Lachinayi ndilo limaonetsa nzeru zenizeni. Woponya akaponya mipira inayi yolakwika, womenya amapita ulere ku ngodya yoyamba. Tsono woponya wamantha angathe kulakwitsa dala pamene akumenya ndi mwamuna wamphamvu, kuti akumane ndi mkazi wotsatira amene akumuyesa wofooka. Pofuna kuthetsa chinyengo chimenechi, lamulo limati mwamuna wopita ulere apite mpaka ku ngodya yachiŵiri, ndipo ngati aŵiri atuluka kale, mkazi wotsatirayo asankhe yekha kumenya kapena kupitanso ulere. Amene anati achenjere amapezeka kuti wadzitchera yekha msampha.

Palinso zina zing'onozing'ono. Akazi amamenya mpira wocheperako, wa masentimita pafupifupi 28 kuzungulira, pamene wa amuna ndi wa masentimita pafupifupi 30. M'maligi ambiri amalemba mzere kutali m'bwalo umene oŵakha saloledwa kuudumpha mkazi asanamenye, kuopa kuti angamupanikize ngati nsomba m'khoka. Pofuna kupeŵa ngozi, pa ngodya yoyamba amaika zopondapo ziŵiri, china cha wothamanga, china cha wolondera, kuti asagundane. Nsapato za misomali yachitsulo n'zoletsedwa. Ndipo wothamanga wogunda mnzake mwadala amatuluka pomwepo.

Dongosolo la ligi

Malamulo a m'bwalo paokha sakwanira. Maligi ambiri akumidzi kwathu amafa kaamba ka zochitika kunja kwa mzere: timu yachedwa maola aŵiri, ina yabwereka katswiri wa m'mudzi wina, woimbira wathamangitsidwa, ndalama zamphotho zasoŵa. Maligi a softball oyenda bwino amatseka mipata imeneyi nyengo isanayambe. Timu iliyonse imapereka maina a oseŵera ake kwa mlembi, ndipo munthu saseŵerera matimu aŵiri m'ligi imodzi. Timu yosafika pa nthaŵi, kapena yobwera ndi akazi osakwanira, imaŵerengedwa kuti yagonja ndi zigoli 7 kwa 0. Kaŵirikaŵiri maseŵera amapatsidwa ola limodzi, kuti matimu ena apezenso bwalo. Timu ikatsogola ndi zigoli 10 ndime 5 zitatha, maseŵera amathera pomwepo, pakuti cholinga ndi kusangalala, ndipo wogonja wochititsidwa manyazi kwambiri sabweranso sabata yamaŵa. Wolankhula ndi woimbira ndi kaputeni yekha. Dandaulo limaloledwa ngati woimbira walakwitsa kutanthauzira lamulo, koma zimene waona ndi maso ake sizitsutsidwa.

Wina angati zonsezi n'zachilendo. Koma anthu a ku Salima sayenera kuphunzitsidwa ndi mlendo za phindu la malamulo. Chilumba cha Mbenje, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, chakhala chikusungidwa ndi malamulo a makolo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Usodzi umatsekedwa m'nyengo yadzinja, kuyambira December kufikira April, kuti utaka uswane. Moŵa, chamba ndi njuga siziloledwa pachilumbapo. Malamulo amalengezedwa poyera pa mwambo wotsegulira, komiti imayang'anira, ndipo wolakwa amachotsedwa pachilumba ngakhale akhale mwini maboti angati. N'chifukwa chake asodzi amachokera kutali kudzapha nsomba ku Mbenje. Paja akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. N'zoona kuti mwambo wa pachilumbapo suloleza amayi kupondapo, ndipo umenewo ndi mwambo wa malo amenewo. Koma mchenga wa ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chipoka ndi wa ana onse a m'mudzi.

Nanga zipangizo?

Chovuta chenicheni ndi ndalama. Zibonga, magolovesi ndi mipira ya softball n'zodula, ndiponso sizipezeka m'sitolo za pa Kamuzu Road. Bungwe la dziko lonse loyang'anira maseŵeraŵa, la WBSC, linaona vuto lomweli m'maiko ambiri, ndipo mu 2017 linayambitsa mtundu wina wotchedwa Baseball5, potengera mmene ana amaseŵerera m'miseu ya ku Cuba. Pamenepa sipafunika chibonga, golovesi kapena woponya. Pamafunika kampira kamodzi ka labala, ndipo womenya amakamenya yekha ndi dzanja. Timu imakhala ya anthu 5, ngodya zimatalikirana mamita 13, ndime zimakhala 5, ndipo pa mipikisano yophatikiza timu iliyonse iyenera kukhala ndi akazi osachepera aŵiri ndi amuna osachepera aŵiri m'bwalo. Chikho choyamba cha dziko lonse chinachitikira ku Mexico City mu 2022, Cuba ndiyo inapambana, ndipo Afirika anaimiridwa ndi Kenya, South Africa ndi Tunisia. Maseŵeraŵa anaikidwanso pa ndandanda ya Olimpiki ya achinyamata ya 2026 ku Dakar m'dziko la Senegal.

Tisaiŵale kuti mpira wamumchenga nawo unali wachilendo dzana lomweli. Koma mu 2022 timu ya Malaŵi inakaseŵera nawo mpikisano wa Afirika ku Vilankulo m'dziko la Mozambique, ndipo mu 2024 inapitanso ku Hurghada ku Egypt. Maseŵera ofuna kampira kamodzi sangatikanike.

Zoyenera kupangana kunyanja kuno

Amene angafune kuyambitsa ligi yotere m'mbali mwa nyanja asangokopera malamulo a ku Chicago. Awonjezere a kwathu. Choyamba, bwalo. Kampira ka labala sikanjanja pa mchenga wouma, choncho bwalo la sukulu kapena malo olimba apafupi ndi gombe ndiwo oyenera, kutali ndi thandala za usipa ndi makoka a eni. Chachiŵiri, nthaŵi. Mnyamata amene wagona panyanja ndi chilimira usiku wonse sangaseŵere m'maŵa, ndipo msungwana amayembekezeka pakhomo dzuŵa lisanaloŵe. Maseŵera ayambe masana ndi kutha kukali koyera. Popeza m'midzi yathu Asilamu ndi Akhristu amakhalira limodzi, komiti ipeŵe nthaŵi ya mapemphero a Lachisanu, a Loŵeruka ndi a Lamulungu, ndiponso iganizire mwezi wa Ramadani polemba ndandanda.

Chachitatu, ulemu. Mawu achipongwe kwa msungwana, kaya achokere kwa woseŵera kapena kwa wochemerera, alangidwe monga mmene amalangira kumenya woimbira, ndipo timu iyankhe mlandu wa otsatira ake. Aliyense aloledwe kuseŵera ndi chovala chimene makolo ake ndi chipembedzo chake avomereza, malinga n'chosachititsa ngozi. Chachinayi, komiti yomwe ikhale yophatikiza, theka amayi theka abambo, ndipo msungichuma aŵerenge ndalama pamaso pa makaputeni onse mwezi uliwonse. Kubetcha ndi moŵa ziletsedwe pabwalo monga zimaletsedwera ku Mbenje. Malamulo onseŵa alembedwe m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, aŵerengedwe pamaso pa anyakwaŵa ndi makolo, ndipo asasinthidwe mpaka nyengo itatha.

Ndikudziŵa kuti makolo ena ali ndi nkhaŵa, ndipo nkhaŵa yawo si yopanda pake. Kumadoko kumadutsa ndalama ndi alendo, ndipo asungwana ambiri asiya sukulu kaamba ka zimenezi. Koma ngozi zotere zimachitikira kumdima ndi kuseri, kumene kulibe mphunzitsi, mlembi kapena kholo loonerera. Bwalo lokhala ndi maina olembedwa ndi nthaŵi yoŵerukira ndi malo amene mayi angadziŵe kumene kuli mwana wake. Tikumbukirenso kuti Tabitha Chawinga, amene pamodzi ndi mng'ono wake Temwa akweza dzina la Malaŵi kunja, anaphunzira mpira akuseŵera ndi anyamata kwawo ku Rumphi, panthaŵi imene ambiri ankati mpira si wa asungwana.

Tsono inu aphunzitsi a zamaseŵera, atsogoleri a magulu a achinyamata ndi a makomiti a kumadoko, yambani ndi matimu anayi, kampira kamodzi ndi pepala limodzi la malamulo. Lamulo loyamba pa pepalalo likhale lakuti timu yobwera yopanda asungwana okwanira yagonja isanaloŵe m'bwalo. Mudzaona anyamata omwewo akupita okha kukapempha makolo kuti alongo awo aŵeruke msanga ku ntchito zapakhomo, mwinanso kuwathandiza kutunga madziwo.