Masamu a pamulu wa kachewere

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali Folomu 2, anafika pakhomo pathu kwa Kaphuka nkhope ili ndwii. Kusukulu anawauza kuti alembe 38 mu base 5, ndipo yankho lake ati ndi 123.

"Ababa, 38 angasanduke bwanji 123? Ine masamu ndawasiya," anatero akuponya kope pamkeka.

Mtima unandiwawa poti mayeso a JCE ali pafupi, koma nanenso ndinasowa poyambira. Amene anatiwombola ndi mayi anga, omwe sanapondeko m'kalasi koma akalambira pa geni ya kachewere.

Anamutuma kuti atape mbatata 38 m'dengu. "Unjika zisanuzisanu ngati pamsika," anatero. Inatuluka milu 7, n'kutsala mbatata zitatu. Kenaka anakankhira milu isanu pamodzi, nati umo ndi mmene amachitira kuti asasokonezeke malonda akachuluka. Pansi panaoneka chimulu chimodzi cha mbatata 25, milu iwiri, ndi zitatu zapadera. Mwana anayang'ana nawerenga yekha: 1, 2, 3. Anaseka mpaka misozi.

Chinsinsi chake n'chomwecho. Mbatata sizinachuluke kapena kuchepa. Chasintha ndi kaunjikidwe. M'kalembedwe kathu ka masiku onse timaunjika khumikhumi, pomwe mu base 5 timaunjika zisanuzisanu, n'chifukwa chake manambala ake amalekeza pa 4.

Chinandidabwitsa n'chakuti malamulo ena omwe tinaloweza kupulayimale amagwa. Tinaphunzira kuti nambala yothera ndi 3 siigawika pakati pa anthu awiri. Koma 123 uyu ndi mbatata 38, aliyense atenga 19 popanda yotsala. Agogo ake anafotokoza mosavuta: mulu wa zisanu ukagawidwa pawiri umasiya imodzi, chimulu cha 25 chimasiyanso imodzi. Choncho phatikizani 1, 2 ndi 3. Mupeza 6, ndipo 6 amagawika. Mu base 5 simuyang'ana nambala yakumapeto, mumaphatikiza zonse.

Kawerengedwe aka si kachilendo kwa ife. Chichewa chikafika pa zisanu chimayambiranso: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Munthu akati "zisanu ndi zitatu" watchula kale 13 wa mu base 5, yemwe ndi 8. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikafika pa khumi timayamba kuwerenga makumi.

Ngakhale ndalama sizinali za khumikhumi kale. Kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971, makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi. Mayi anga akuti makobiri 38 anali masheleni atatu ndi makobiri awiri, ndipo palibe wa sitolo anawapusitsapo pa chenji. Lero wotchi ikuyendabe ndi 60, kawerengedwe kochokera ku Babulo wakale, pomwe foni ili m'thumba mwanuyo imagwira ntchito ndi 0 ndi 1 basi.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi lakuti poyamba mutu umenewu, choko chidikire kaye. Bweretsani nyemba, miyala kapena zitsekerero za mabotolo, ana aunjike okha ndi kuwerenga m'chinenero chawo. Nafenso makolo tisamathamangitse ana kwa agogo awo nthawi ya homuweki.

Mwana uja anatola kope lake. Madzulo ake ndinamumva kukhitchini akufunsa agogo ake kuti 100 ikhala milu ingati.