Different Class: chimbale chimene chimaseka umphawi wobwereka

Taganizirani mtsikana wa kubanja lolemera, bambo ake ndalama zili mbwee, koma iye akuti akufuna kulawako moyo wa anthu osauka. Mungamuyankhe chiyani? Jarvis Cocker, woyimba wa gulu la Pulp la ku England, anamuyankha ndi nyimbo, ndipo yankho lakelo ndilo msana wa chimbale cha Different Class chimene chinatuluka pa 30 Okutobala 1995. Ambiri mwa inu munali musanabadwe, komabe chimbalechi n'choyenera kuthera bandulo.

Kuti mumvetse ukali wake, yambani mwadziwa kwawo kwa gululi. Pulp inabadwira ku Sheffield, mzinda wa kumpoto kwa England wotchuka ndi mafakitale a zitsulo. Cocker anayambitsa gululi mu 1978 ali pasukulu, ali ndi zaka 15. M'zaka za m'ma 1980, Margaret Thatcher ali nduna yaikulu, mafakitale ambiri anatsekedwa ndipo anthu ochuluka anachotsedwa ntchito. Pulp inkatulutsa zimbale koma ogula anali ochepa. Mu 1988 Cocker anasamukira ku London kukaphunzira zopanga mafilimu pa Saint Martins, sukulu ya zaluso kumene anaphunzira limodzi ndi ana a anthu opeza bwino. Pomwe ankatchuka n'kuti ali ndi zaka zoposa 30. Kusowa ankakudziwa, sanachite kuuzidwa.

Nyimbo ya Common People, kutanthauza anthu wamba, ikuchokera pamenepo. Mtsikana wa ku Greece, wophunzira pasukulu ija, akuuza mnyamata kuti akufuna kukhala ngati osauka. Poyamba mnyamatayo akungovomera mwanthabwala, mpaka kupita naye kusitolo kuti akayeserere kusowa ndalama. Womvera umaseka. Koma nyimbo ikamathamanga, nthabwala ija imasanduka mkwiyo. Mfundo yake ndi yakuti mwana wa wolemera akatopa ndi sewerolo amangoyimbira foni bambo ake, basi zatha. Wosauka weniweni alibe woti amuyimbire. Aliyense amene anaonapo munthu akudzijambula pafupi ndi nyumba ya osauka kuti atamandidwe pa Facebook aimva msanga nyimboyi.

Nyimboyi inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Mu Juni 1995, gulu la The Stone Roses linalephera kukayimba ku chikondwerero cha Glastonbury chifukwa woyimba gitala wawo, John Squire, anavulala pangozi ya njinga. Pulp inaitanidwa kukalowa m'malo mwawo, ndipo usiku umenewo dzina lake linakula. Chimbalecho chitatuluka chinakhala pa nambala 1, kenako mu 1996 chinapata mphoto ya Mercury.

Anthu ena amati mawu a Cocker ndi onyoza, a munthu amene sakhulupirira chabwino chilichonse. Pali zoona pang'ono. Mu Live Bed Show akufotokoza chikondi chimene chazilala, ndipo mboni yake ndi bedi limene lasiya kulira. Mu Disco 2000, nyimbo yovinika kwambiri, mnyamata akukumbukira mnzake wa paubwana amene ankamukonda chamumtima. Mtsikanayo anakwatiwa ndi wina, iye akadali kulota. Mumavina uku mukumumvera chisoni.

Chimene chimasiyanitsa chimbalechi ndi chipongwe wamba n'chakuti wosekayo sadzisiya kunja. Mu I Spy, wolankhula ndi munthu wa nsanje, wofuna kubwezera anthu olemera powasokonezera mabanja. Cocker sakumuyeretsa ayi. Akutionetsa kuti kunyozedwa nthawi yaitali kumawononganso mtima wa wonyozedwayo. Paja nthabwala yokoma ndi imene woinenayo nayenso imamulasa.

Nyimbo ya Sorted for E's & Wizz inautsa mapiri pachigwa. Nyuzipepala ya Daily Mirror inaidzudzula patsamba loyamba ponena kuti chikuto chake chikulimbikitsa mankhwala ozunguza bongo. Koma mukaimvetsera bwino, ikusimba za khamu la achinyamata amene akuoneka ogwirizana usiku, koma kukacha aliyense ali yekha, mutu uli balala. Palibe chosiririka pamenepo. Chimbalechi chimatha ndi Bar Italia, dzina la malo omwera khofi ku Soho mu London, kumene otopa ndi zisangalalo akhala m'mamawa pomwe ena akupita kuntchito.

Pakati pa zonsezi pali Something Changed, nyimbo yachikondi yopanda chinyengo, yodabwa kuti anthu awiri amakumana bwanji mwamwayi. Imeneyi ndi umboni wakuti wolembayo mtima ali nawo, kungoti sakonda kunamizidwa.

Mawu okha sakanakwanira. Kiyibodi ya Candida Doyle, besi ya malemu Steve Mackey, ng'oma za Nick Banks ndi magitala a Russell Senior ndi Mark Webber zimapangitsa nyimbozi kukhala zopepuka kukhutu ngakhale nkhani zake zili zolemera. Wojambula anali Chris Thomas, amene anagwirapo ntchito ndi Sex Pistols. Cocker mwiniwake amanong'ona, kuusa moyo, kenako n'kukuwa, ngati munthu amene akukuuzani miseche pakona.

Chenjezo ndi lakuti nyimbo zina zimakamba za kuchipinda mosabisa, choncho si za pa sipika ana ali pabalaza. Chingerezi chakenso ndi cha ku Sheffield, chodzaza ndi zining'a, ndiye tsegulani mawu ake pafoni muzitsatira pomvera. Nyimbo zonse zilipo 12. Mukafika pa Common People, dzifunseni kuti m'nkhaniyo inu ndinu ndani: mnyamata uja, kapena mtsikana amene ali ndi womuyimbira foni.