MAKINA OKOKA MSANA: MBUZI ISAPITE MSANGA KU MSIKA

Nyengo ino yogalauza ndi yonyamula matumba a feteleza ndiyo imene madandaulo a msana amachuluka m'midzi mwathu. Tsono kwamveka mbiri ya makina amene akuti amakoka msana wa munthu nauchiritsa popanda opareshoni, ndipo alimi ena ayamba kufunsa ife alangizi ngati nkoyenera kugulitsa mbuzi kuti akawafune. Abale, tiyeni tiyambe taiona bwino nkhaniyi.

Msana ndi mafupa ang'onoang'ono osanjikizana, ndipo m'chiuno muli asanu akuluakulu amene amasenza thupi lonse la kumtunda. Pakati pa fupa ndi linzake pali kankhata, monga nkhata ija amaika amayi pamutu posenza mtsuko. Kunja kwake nkolimba, koma m'kati muli zofewa ngati phala. Munthu akamakula, kapena akanyamula cholemera atapotoka, kankhatako kamatha kung'ambika, zam'katizo nkutuluka ndi kufinya mtsempha wopita ku mwendo. Pamenepo ululu umachoka m'chiuno, kudzera m'thako, kutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka ku phazi, mwina pamodzi ndi dzanzi. Komabe ambiri odandaula msana alibe nthenda imeneyi ai. Iwo ndi minofu chabe yatopa.

Makina aja amachita motere. Wodwala amagona pa bedi lapadera, nammanga malamba m'chiuno ndi pachifuwa. Bedilo limakoka pang'onopang'ono, nkuleka, nkukokanso, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo munthu ayenera kubwerako maulendo ngati 20, akulipira. Eni ake amati kukokako kumatalikitsa mafupa kuti kankhata kabwerere m'malo mwake. Ena mwa makinawa ndi VAX-D ndi DRX9000, otchuka kwambiri ku America.

Mawu ngokoma ndithu. Koma inu simugula mbewu yatsopano chifukwa cha pakamwa pa wogulitsa. Mumayamba mwaiona pa munda wachitsanzo. Madokotala nawo anatero. M'chaka cha 2013 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa mayeso 32 a kukoka msana, ndipo linapeza kuti okokedwa sanasiyane kwenikweni ndi osakokedwa. Mu 2016 bungwe la NICE ku Britain linalangiza kuti odwala msana asamapatsidwe chithandizo chimenechi, ndipo mu 2023 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, linanena chimodzimodzi za msana wopweteka nthawi yaitali.

Nanga bwanji ena amalumbira kuti makina anawachiritsa? Sakunama. Koma mwa anthu amene kankhata kawo kang'ambika, ambiri amapeza bwino okha pa masabata 6 mpaka 12, pakuti thupi limasungunula pang'onopang'ono zija zinatulukazo. Munthu akamapita ku makina mwezi wathunthu, kuchira kumene kunali kudza kale kumampeza ali pa bedilo, ulemu nkupita kwa makina. Zili ngati kuitana mvula mu Januwale: ikadagwabe.

Tsono muchite chiani msana ukagwira? Pumulani tsiku limodzi kapena awiri, koma musagone pa mphasa sabata lathunthu, chifukwa kugona kumaumitsa msana ndi kufooketsa minofu. Yendani pang'onopang'ono, muzionjeza mtunda tsiku ndi tsiku. Thowani ndi nsalu yofunda. Za mankhwala oletsa ululu kafunseni ku chipatala chaching'ono, pakuti ena sayenera kwa amayi apakati ndi kwa odwala zilonda za m'mimba. Ndipo chonde musayese kutsanzira makina pomangirira munthu chingwe ku mtengo, kapena pouza ana kuti amponde pamsana.

Zina zili m'manja mwathu ku munda. Thumba la makilogalamu 50 linyamulidwe ndi anthu awiri, kapena ligawidwe. Palibe mphoto ya wolisenza yekha. Ponyamula, njutani, muliyandikize ku thupi, ndipo musapotoke lili m'manja. Mpini wa khasu ukhale wautali molingana ndi msinkhu wanu. Ambiri amalimira kampini kakafupi chifukwa ndi kamene anakapeza pakhomo, basi. Weramukani mukafika kumapeto kwa mzere uli wonse, ndipo pamene pali ngolo, wilibala kapena njinga, mutu wa mayi upumeko pa nkhuni ndi chimanga.

Koma ulipo msana wina wosayenera kuudikira. Ngati miyendo ikufooka, ngati pakati pa miyendo pachita dzanzi, ngati mkodzo ukukana kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha, munthuyo apite ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, pakuti kuchedwa kungampundule mpaka kale. Chimodzimodzi amene wagwa mu mtengo kapena pa ngolo. Ndipo ngati msana ukupweteka usiku, munthu akuonda, akutentha thupi ndi kutuluka thukuta pogona, kapena pamsana payamba kutuluka linunda, mwina ndi chifuwa chachikulu chalowa m'mafupa. Nthenda imeneyi siifuna kukoka kapena kutemera mphini. Imachira ndi mankhwala akumwa miyezi yambiri, ndipo m'zipatala za Boma amapereka ulere.