Chipata cha Unamwino Chili mu Giredi 10

Chaka ndi chaka, chilimwe chikafika kumapeto ndipo nthaka ya Asoli ili gwaa kulindira mvula, anthu a m'dziko la mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene mfumuyo imapempherera mvula ndi kubzala mbewu zoyamba pamaso pa khamu lonse. Ndipo pa nyengo yomweyo, m'zipinda za Chongwe Secondary School ndi za Mukamambo II Girls, ana a Giredi 12 amakhala ataweramira mapepala a mayeso awo otsiriza. Ambiri mwa iwo, makamaka asungwana, mukawafunsa chimene mtima wawo ukhumba, adzakuyankhani mwaulemu kuti afuna unamwino. Koma chimene makolo ambiri sachidziwa nchakuti mlanduwo sugamulidwa pa tsiku la mayeso ayi. Unagamulidwa kale mu Giredi 10, tsiku limene mwana anaikidwa m'kalasi la sayansi kapena m'kalasi lina, atate ndi amayi ake ali kumunda osadziwa kanthu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Bungwe la Examinations Council of Zambia limapereka magiredi kuyambira 1 kufikira 9, ndipo yense wopeza 6 kapena nambala yocheperapo ndiye amene amati wapeza kirediti. Masukulu a unamwino amafuna makirediti asanu, ndipo pakati pa asanuwo Chingerezi, masamu ndi bayoloje kapena sayansi siziyenera kusowa. Mwana angakhoze mbiri yakale, maphunziro a chipembedzo ndi Chinyanja mpaka aphunzitsi kumuombera m'manja, koma akagwa masamu, chitseko chatsekeka, ndipo chomutsalira ndicho kukalembanso mayeso a GCE, ndalama za chimanga zikupita ndi chaka chathunthu pamodzi.

Ena amati kufuna masamu kwa munthu woti akasambitse odwala ndi nkhanza chabe, koma onena choncho sanaimepo pafupi ndi bedi la mwana wotentha thupi. Mankhwala a mwana amayezedwa molingana ndi kulemera kwake. Ngati dokotala walemba Panado wa mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, ndipo khandalo pa sikelo lalemera makilogalamu 10, namwino ayenera kudziwa kuti afunika mamiligalamu 150. Ndipo popeza botolo la mankhwala amadzi lalembedwa kuti mamililita 5 ali ndi mamiligalamu 120, ayenera kukoka mamililita 6.25, mayi wa mwanayo akumuyang'anitsitsa m'manja, pamzere pali enanso olindira. Iyi ndi samu yomweyo ya pabolodi, imene ana amaithawa masana kukasewera. Kadontho kamodzi koikidwa pamalo olakwika kangathe kusandutsa mankhwala kukhala ululu wakupha. Chingerezi nachonso chili ndi ntchito yake, pakuti lipoti limene namwino wa usiku asiyira wa m'mawa liyenera kumveka popanda womasulira.

Wokhoza bwino sasowa kopita. Ku Lusaka kuli sukulu ya anamwino ndi azamba ya pa University Teaching Hospital, kumene dipuloma imatenga zaka zitatu. Kuli Levy Mwanawasa Medical University, ku Chainama, m'mbali mwa Great East Road, msewu womwewo wa maminibasi a ku Chongwe. Ndipo chakum'mawa, ku Mpanshya m'boma la Rufunsa, kuli sukulu ya anamwino ya pa chipatala cha mishoni cha St Luke's. Ofuna digiri amapitanso ku University of Zambia.

Za mano ndizo zimene ana athu saziganizira nkomwe, ndipo ine ndiyesa chifukwa chake nchakuti kumudzi dzino timalikumbukira likayamba kutisowetsa tulo, ndipo wosamalira mano timamudziwa ngati wozula basi. Komatu ntchito yake ndi yaikulu: kumata mano obooka, kuchiza nkhama, kupanga mano oikirira a agogo amene nyama inawakanika, ndi kuphunzitsa ana kutsuka m'kamwa mano 20 aubwana asanalowedwe m'malo ndi 32 aukulu. Dental Training School ya ku Thornpark mu Lusaka yakhala ikuphunzitsa anthu otere kwa zaka zambiri, ndipo wofuna udokotala weniweni wa mano angapite ku sukulu ya zamankhwala ya Copperbelt University ku Ndola. Pa njira imeneyi pafunika fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje, ndiponso dzanja losanjenjemera. Mwana wodziwa kusoka, kuumba kapena kujambula asayese luso lakelo chabe.

Tisabise mawu: walira mvula walira matope. Yunifolomu yoyera ija imakoma poiona pamsewu, koma amene anaona anamwino akugwira ntchito usana ndi usiku mu Heroes Stadium mu Januwale 2024, bwalo lampira litasanduka chipatala cha kolera, adziwa kuti pansi pake pali masanzi, kununkha ndi imfa. Mwana amene amadwazika agogo ake mosanyansidwa, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala, wayamba kale kuphunzira chimene koleji singathe kumupatsa. Ndipo ngakhale boma linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, alipo omaliza maphunziro amene amalindira nthawi yaitali asanaitanidwe.

Kuyambira mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere kufikira Giredi 12, kotero kuti chotsalira kwa kholo ndicho kupita lokha kwa aphunzitsi aakulu kukafunsa kalasi limene mwana ali ndi maphunziro amene akutenga, nthawi ikadalipo yosintha. Ndipo kwa ana a dongosolo latsopano la mafomu, loyamba mu 2025, funsolo lifunika kufunsidwa msanga koposa. Pofika posankha koleji, poti makoleji a anthu wamba achuluka mu Lusaka, kholo lisanagulitse ng'ombe lifunse ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, kapena Health Professions Council of Zambia ngati ndi za mano, pakuti mabungwe amenewa ndiwo amapereka chilolezo chogwirira ntchito, ndipo wopanda chilolezo saloledwa kukhudza wodwala.