Cithunzi Cothamanga Kuposa Galimoto

M'mwezi wa March caka ca 1961, mumzinda wa Geneva ku Switzerland, kampani ya Jaguar inaonetsa koyamba galimoto yake yochedwa E-Type. Atolankhani ofuna kuikwera anaculuka kotero kuti akuluakulu a kampaniyo anaitanitsa ina kucokera ku England, ndipo woyendetsa wao, Norman Dewis, anacezera usiku wonse pamseu kucokera ku Coventry kuti kukaca ikhale itafika. Masiku amenewo galimoto inkatha kuyenda msanga kuposa cithunzi cake. Wojambula akatsiriza nchito, filimu inkayamba yatsukidwa m'cipinda ca mdima, pepala liume, ndiyeno cithunzi cidikire sitima kapena ndege. Lero zinthu zinatembenuka. Nsalu yophimba galimoto yatsopano isanagwe n'komwe pansi, cithunzi cake cafika kale pa foni ya mnyamata wa ku Matero kapena wa ku Katete.

Ambiri a ife sitinapondepo m'cionetsero ca mtundu umenewu. Cimene tidziwa ndi cionetsero ca ulimi ndi zamalonda ca ku Showgrounds mu Lusaka, kumene mathirakitala ndi magalimoto ambiri amaima panja, padzuwa ndi pafumbi. Dzuwa ndi bwenzi la wojambula. Koma zionetsero zikuluzikulu za ku Ulaya, monga ca ku Paris cimene cinayamba mu 1898 ndi ca ku Geneva cimene cinayamba mu 1905, zinazolowera kucitikira m'nyumba. Kuyambira mu 1982 ca ku Geneva cinkacitikira ku Palexpo, cinyumba cacikulu coyandikana ndi bwalo la ndege. M'nyumba zotere usana ndi usiku zilibe kusiyana, pakuti kuwala konse n'kwa magetsi, ndipo apa ndi pamene mutu wa wojambula umayambira kuwawa.

Galimoto yopukutidwa bwino ndi kalirole. Penti yake, magalasi ake ndi tizitsulo take tonyezimira zimabweza ciliconse cimene cili pafupi: nyali mazanamazana za kudenga, zikwangwani za kampani yoyandikana nayo, miyendo ya anthu odutsa, ngakhale wojambula mwini wakeyo ali wewe ndi kamera yake. Munthu wosazolowera, poona kuti ali m'nyumba, amayatsa kanyali kong'anima ka pa kamera. Zotsatira zake n'zomvetsa cisoni. Pacitseko ca galimoto pamaoneka cibanga coyera, nambala ndi tigalasi tofiira ta kumbuyo zimawala mbee, ndipo kwina konse kumada bii. Akatswiri kanyali kameneka amakazimitsa asanalowe pakhomo.

Akakazimitsa amakumana ndi bvuto lina. Diso la munthu limanyenga: holo imaoneka yowala kwambiri, cikhalireco kuwala kwake n'kocepa zedi poyerekeza ndi kwa masana panja. Wojambula ali ndi njira zitatu zokha, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Akatsegula kwambiri diso la kamera, nyali za kutsogolo zimaoneka bwino koma kumbuyo kwa galimoto kumacita cimbuuzi. Akalola kacitseko ka kamera kukhala kotsegula nthawi yotalikirapo, kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumaononga zonse. Tisaiwalenso kuti magalimoto ofunika kwambiri amaikidwa pa nsanja yozungulira, motero saima malo amodzi. Akakweza mphamvu ya kamera yomvera kuwala, imene amaicha ISO, cithunzi cimadzala timadontho ngati mcenga. Kuimika kamera pa miyendo itatu kukanathandiza, koma pa masiku a anthu onse nthawi zambiri sakulola, poopa kuti ena angapunthwe.

Palinso nkhani ya mtundu. Nyali zina zimawala mofiirira, zina mobiriwira, zina moyera ngati mwezi. Ubongo wathu umakonza zimenezi ife osadziwa, koma kamera imalemba zimene yaona, mwakuti galimoto yoyera ikhoza kutuluka yacikasu kumphuno ndi yamtambo kumcira. Ndiye cifukwa cake wojambula wosamala amayamba wajambula kapepala kotuwa pansi pa nyali zomwezo, kuti kamera idziwe mtundu woona. Nyali zina zimaphethira ka 100 pa sekondi imodzi, potsata magetsi amene ku Ulaya, monganso kuno kwathu, amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Diso silikuona kuphethirako, koma kamera yojambula mofulumira imatulutsa mizeremizere yakuda. Nyali za LED za galimotoyo nazonso zimaphethira, ndipo si zacilendo kupeza kuti pa cithunzi nyali imodzi yayaka, inzake yazima, ngati galimoto ya cakacino yafa kale diso.

Cida cimene ojambula magalimoto sasiya kunyumba ndi kagalasi kodera kochedwa polarizer, kamene amamangirira kutsogolo kwa diso la kamera. Akamakazunguza pang'onopang'ono, kunyezimira kwa pa windo ndi pa penti kumazimirira, mipando ya m'kati ndi ciwongolero zimaonekera, ndipo mtundu wa penti umakhwima. Pa citsulo copanda penti kagalasika sikathandiza kweni-kweni. Cina n'cakuti kamadya kuwala kopitirira theka, m'nyumba mmene kuwalako n'kosowa kale.

Zotsala ndi nchito ya mawondo ndi mtima. Cithunzi cokongola cimajambulidwa munthu atanjuta, kamera ili pa msinkhu wa nyali za galimoto, ataima capangodya kuti kutsogolo ndi mbali imodzi zionekere pamodzi. Akayandikira kwambiri, mphuno ya galimoto imatupa ngati ya mvuu. Akabwerera m'mbuyo kuti maonekedwe akhale oona, khamu la anthu limalowa pakati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula amanjuta pamenepo mphindi zambiri, kudikira kamphindi kamodzi pamene wina wacoka ndipo mnzake sanafike. Ku Geneva atolankhani ankapatsidwa masiku aoao anthu onse asanaloledwe, koma iwonso ankabwera zikwizikwi, aliyense kufuna malo amodzimodzi omwewo. Pambali pamakhala anchito obvala magolovesi, atagwira nsalu, okonzeka kufufuta cala ciliconse cimene cakhudza penti. Anthu amenewa saoneka pa cithunzi, koma kunyezimira kumene timakusirira n'kwao.

Tsopano cithunzi cajambulidwa. Cifika bwanji kwa mkonzi?

Kutumiza zithunzi kutali si nzeru ya dzulo. Pa 1 January 1935 bungwe la atolankhani la Associated Press ku America linayamba kutumiza zithunzi kudzera m'nthambo za lamya, koma makina ake anali akuluakulu, a mu ofesi, ndipo cithunzi cinkayamba catsukidwa. Makamera opanda filimu atafala, wojambula ankasolola kakhadi kosungira zithunzi n'kupatsira mnyamata wothamanga kuti akafikitse ku cipinda ca atolankhani, kumene wina ankakalowetsa mu kompyuta. Mu 2003 kampani ya Nikon inatulutsa kabokosi kochedwa WT-1, komangirira kunsi kwa kamera yake ya D2H, kamene kankatumiza zithunzi ndi mafunde a wailesi popanda nthambo. Kameneka kanali ka akatswiri. Anthu wamba mwai wao unafika mu 2007, pamene kampani ya Eye-Fi ya ku California inayamba kugulitsa kakhadi kooneka ngati makhadi ena onse, kosunga 2 GB, koma kokhala ndi Wi-Fi m'kati mwake. Munthu ankangokalowetsa m'kamera yake yakale, ndipo zithunzi zinkapita zokha ku kompyuta kapena pa intaneti. Masiku ano makamera ambiri amabwera ndi Wi-Fi yaoyao. Kamera imapatsira foni, foni n'kuponya pa intaneti, kapena kamera imatumiza yokha ku kompyuta ya mkonzi amene ali kutsidya kwa nyanja.

Pa pepala zonsezi n'zosabvuta. M'holo yodzaza anthu ndi nkhani ina. Mafunde a 2.4 GHz, amene zida zoyambirira zinkadalira, ali ndi tinjira titatu tokha tosapondana, ndipo foni iliyonse, kompyuta iliyonse ndi kamera iliyonse zimalimbirana tinjira tomweto. Zili ngati kunong'oneza mnzako pakati pa msika wa Soweto Loweruka m'mawa. Mu June 2010 zimenezi zinamgwera Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple, pamene ankaonetsa iPhone 4 ku San Francisco: foni inakana kutsegula tsamba la nyuzipepala pamaso pa dziko lonse, cifukwa m'cipindamo munali zida zoulutsa Wi-Fi zoposa 500, mpaka anacita kupempha atolankhani kuti azimitse zao. Ngati zinakanika kwa mwini wake wa foniyo, nanga wojambula wamba? N'cifukwa cake odziwa nchito amasamukira ku mafunde a 5 GHz, amene ali ndi njira zambiri, ndipo ena, modabwitsa, abwerera ku kanthambo kakafupi kolumikiza kamera ndi foni. Amatumiza cithunzi copepuka ca JPEG, colemera ca RAW n'kucisunga m'khadi. Amanyamulanso mabatire apadera, popeza Wi-Fi imamwa batire ngati mbuzi ya ludzu.

Eye-Fi ija inasiyanso phunziro lowawa. Mu 2016 kampaniyo inalengeza kuti ileka kusamalira makhadi ake akale, amene pa zambiri ankadalira makompyuta a kampaniyo. Anthu anadandaula kwambiri, pozindikira kuti cida cimene anagula ndi ndalama zao cinali ndi cingwe cosaoneka, ndipo nsonga ya cingweco inali m'manja mwa ena.

Cimene ife citidetsa nkhawa koposa si mafunde, koma liwirolo. Kale, pakati pa kujambula ndi kusindikiza panali maola, ndipo m'maola amenewo munthu ankayang'ana, kusankha ndi kufunsa dzina lenileni la galimoto. Cithunzi cikamacoka m'kamera cokha, cimatha kufika kopanda mau ofotokoza, kapena ndi mau olembedwa mothamanga, ndipo colakwa cimodzi cimakopedwa ndi anthu zikwizikwi cisanakonzedwe. Magalimoto ena okongola koposa a m'zionetsero ndi ongoonetsera nzeru, sadzagulitsidwa konse, ena alibe ngakhale injini. Koma cithunzi copanda mau sicinena zimenezo. Mu 2015 bungwe la Reuters linauza ojambula odzilemba okha nchito kuti azitumiza zithunzi za JPEG monga zatulukira m'kamera, zosakonzedwa kwambiri. Zifukwa zake zinali ziwiri, kufulumira ndi kuona mtima. Tikhulupirira kuti cacikulu ndi caciwirico.

Liwiro lomwelo linathandiza kukumba manda a cionetsero. Pa 28 February 2020, kutatsala masiku owerengeka kuti ca ku Geneva citsegulidwe, boma la Switzerland linaletsa misonkhano ya anthu oposa 1,000 cifukwa ca mliri wa Covid-19. Makampani anaonetsa magalimoto ao pa intaneti, ndipo anaona kuti n'zotheka, n'zochipa, ndiponso safunika kugawana tsiku ndi opikisana nao. Cionetseroco cinabwereranso ku Palexpo mu 2024, koma makampani akuluakulu ambiri sanabwere, ndipo anthu anali pafupifupi 168,000, pamene mu 2019 anali cam'ma 600,000. Mu May 2024 okonza ake analengeza kuti ku Geneva catha. Ca ku Frankfurt naco cinasamukira ku Munich mu 2021. Ca ku Paris cikalipo, ndipo ca ku Shanghai ndi ca ku Beijing zakula kwambiri. Komabe kumene cionetsero cafa, cimene catayika ndi diso la mlendo. Mtolankhani ankatha kujambula mbali imene kampani sinafune, kapena kukhala pa mpando wa kumbuyo n'kuonetsa kuti mawondo akugunda. Zithunzi zimene kampani imagawa yokha zimasankhidwa ndi mwini katundu, ndipo zina sizinajambulidwe n'komwe, zinapangidwa pa kompyuta.

Wina angafunse kuti nanga za ku Geneva zitikhudza bwanji ife. Zitikhudza pathumba. Magalimoto ambiri a m'miseu yathu ndi ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Banja limasunga ndalama zaka zingapo, mwina kutenga ngongole, n'kugula galimoto imene laiona pa foni pokha. Nzeru zonse zimene tafotokozazi wogulitsa amazidziwanso. Kunjuta kumakulitsa galimoto yaing'ono. Penti yonyowa imabisa zokalika. Nyali za m'nyumba zimabisa citseko cimene cinapakidwanso penti yosiyanako pang'ono, pamene dzuwa likanaciulula. Paja cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Popeza kutumiza cithunzi tsopano n'kwa kamphindi, wogulitsa woona alibe cifukwa cokanira zithunzi zina. Tipemphe zojambulidwa masana, galimoto ili youma, mbali zonse zinai, wojambula ataimirira. Tipemphe ca injini, ca makilomita amene yayenda, ca nambala ya chasisi, ndiponso ca kunsi kwake, popeza kumadera ozizira a kumpoto kwa Japan amathira mcere m'miseu nthawi ya cisanu ndipo mcerewo umadya citsulo. Ngati galimotoyo inadutsa pa msika wa okushoni, ili ndi pepala la woiyesa, pamene pali cojambula ca galimoto ndi zilembo: A ndi pokalika, U ndi pophwanyika, W ndi pamene anakonzapo, ndipo XX ndi mbali imene inacotsedwa n'kuikapo ina. Tipemphe kuti pepala limenelo alijambule lonse, nambala ya chasisi ikuwerengeka, kuti tiiyerekeze ndi ya pa galimotoyo tisanatumize ndalama.