Namwino Akayamba Kutulutsa Matope

Chitsime cha m'dambo chili ndi malamulo ake mwezi wa Okutobala. Wolawirira mbandakucha amatunga madzi oyera, poti usiku wonse kasupe amakhala akudzaza popanda womusokoneza. Dzuwa likamakwera ndowa zimachuluka, madzi n'kutsika, ndipo wofika masana amachita kugwada n'kumakokota ndi chikho. Zomwe amapita nazo kunyumba ndi matope. Chitsimecho n'chomwe chija, kungoti otunga apitirira mphamvu ya kasupe.

Ogwira ntchito m'zipatala amaphwa chimodzimodzi. Mu 2019 bungwe la WHO linalemba vutoli, lotchedwa burnout, m'buku lake la ICD-11, ndipo silinaliike m'gulu la matenda. Linati gwero lake ndi kupanikizika kwa pantchito komwe kwakhalitsa osathetsedwa. Munthu amatheratu mphamvu, mtima umachoka pa ntchito, kenako amayamba kuona ngati palibe chomwe akuphula.

Kuchoka mtimako n'komwe ife odwala timakumana nako, ndipo timakutcha mwano. Taonani namwino amene wagwira usiku yekha m'wodi yodzaza mpaka ena agona pansi. Diripu yatha uku, uko wodikirira wodwala akumukoka malaya, magolovesi atsala ochepa. Kukacha sapita kukagona, walembetsa locum, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, poti sukulu fizi ya mwana ikudikira. Pofika masana akulandira buku la kuchipatala osakweza maso, n'kungoti, "Mwabweranso? Vuto n'chiyani?" Mwano weniweni ulipo, tisanamizane, ndipo wodwala sayenera kunyozedwa ngakhale pang'ono. Koma ambiri mwa anamwino otere analowa ntchito ali madzi oyera. Herbert Freudenberger, amene analemba za vutoli mu 1974 ataona anthu odzipereka pa kiliniki yaulere ku New York, anapeza kuti odzipereka kwambiri ndi amene ali pachiopsezo chachikulu.

Osamalira odwala matenda a maganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, ndowa zawo n'zosaoneka ndi maso. Tsiku lonse amamvetsera za kugwiriridwa, za ngongole, za munthu wofuna kudzipha, ndipo sangakazifotokoze kunyumba chifukwa ndi chinsinsi cha wodwala. Amaweruka thupi lili bwinobwino, tulo osabwera.

Nanga mankhwala ake? Pali gawo lomwe munthu angachite yekha. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, komwe agogo ophunzitsidwa amathandiza anthu kumasula mavuto awo: kuwatchula onse, kusankhapo limodzi lotheka, kugwirizana chochita, n'kudzaonanso ngati chathandiza. Njira yomweyo namwino angaigwiritse ntchito pa iye mwini. "Ntchito yandikwana" ndi mtolo wosanyamulika, koma "ndimagwira mausiku ambiri motsatizana" ndi nkhani yoti angapite nayo kwa mkulu wa wodi Lolemba.

Komabe apa m'pamene misonkhano yambiri yolimbikitsa ogwira ntchito imaphonya. Kuuza munthu kuti azipuma mokwanira, azichita masewera olimbitsa thupi, pomwe mzere wa odwala ndi womwe uja, kuli ngati kulangiza chitsime kuti chilimbe mtima. Pamudzi madzi akamavuta amakumba china, kapena amagwirizana nthawi yotungira. M'chipatala zimenezi zikutanthauza kulemba ntchito anamwino omwe anamaliza maphunziro koma ali pakhomo, kupereka tchuthi chikakwana osati kumangochikankhira kutsogolo, ndi kukonza ndandanda yoti wogwira usiku agone masana. Kolera wa 2022 ndi 2023 komanso namondwe Freddy zinapeza ogwira ntchito m'zipatala omwewo atangotuluka mu Covid-19, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe ali pa ndandanda ya usiku sabata ino.