Galimoto ya chipinda chotuluka ikayamba kudontha

Pa mphambano ya Golomoti, pomwe msewu wotsika ku Khwekhwelere umakumana ndi wa M5, anthu anazolowera kuona alendo opita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Ambiri amakhala pa Land Cruiser kapena Hilux yosenza tenti padenga, ya nambala ya ku South Africa. Koma mwa apo ndi apo pamadutsa chimphona: lole yomangidwa nyumba kumbuyo, muli bedi, khitchini, bafa ndi thanki ya madzi. Eni ake amati motorhome. Ife kuno timangoti nyumba yoyenda.

Imodzi mwa zoterezi inaima pagalaja panga m'mawa wina wa mu Januwale, mvula itakhuthuka usiku wonse. Munali bambo ndi mayi achikulire ochokera ku Ulaya. Dzulo lake anali ku Mua, kukaona zosema ndi zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni, ndipo anagona m'galimoto mwawo pansi pa mtengo. Podzuka, matiresi anali atanyowa mbali imodzi, kapeti ukaiponda ikutulutsa madzi. Bamboyo anatsika atagwira kale chubu cha silikoni, n'kuloza pakona ya zenera pomwe madzi amadonthera. Chomwe amafuna n'choti timate pamenepo, apitirize ulendo.

Ntchito yanga ndi yowongola mabodi a galimoto, kuika magalasi ndi mphira zake. Ndinawapempha kuti chubucho asunge kaye, chifukwa pomwe madzi aonekera si kawirikawiri kukhala pomwe alowera. Madzi akalowa m'bodi amatsata chitsulo, waya kapena thabwa, n'kukatulukira mita imodzi kapena awiri kutsogolo. Amene anagonapo m'nyumba ya malata akudziwa: dontho limagwera pamphasa apa, koma bowo la msomali lili uko kumtanda.

Galimotoyi inali ndi chinthu chomwe amakanika ambiri kwathu sanachigwirepo, chipinda chotuluka m'nthiti chomwe amati slide-out. Tangoganizani dirowa ya tebulo, koma yaikulu moti mukulowa bedi kapena mipando. Pamsewu galimoto siloledwa kupitirira kwambiri mamita 2.5 m'lifupi, ndiye poyenda chipindacho chimakhala mkati. Akafika pogona amadina batani, chipinda n'kusuntha kutuluka panja mwina theka la mita kapena kuposerapo, m'nyumba n'kutakasuka. Luso limeneli linafala kuchokera ku America cha m'ma 1990, pomwe kampani ya Newmar ya ku Indiana inayamba kuika zipinda zoyenda ndi mota m'magalimoto ake. Lero zina zimakankhidwa ndi mano a chitsulo oyenda pa giya, zina ndi zingwe za waya, zina ndi mafuta a hayidiroliki ngati tipa ya mchenga, ndipo zina zili ndi timamota tiwiri tobisika m'khoma, kamodzi mbali iyi kena mbali iyo.

Kukoma kwake n'komweko, komanso vuto lake lili pomwepo. Kuti chipinda chizituluka, womanga wadula chibowo chachikulu pakhoma la galimoto, ndipo chomwe chatsala pakati pa mvula ndi bedi ndi mphira basi.

Mphirazo n'zamitundu iwiri. Ina ndi yaphanthiphanthi ngati lilime, imakhudza khoma ndi denga la chipinda n'kumapukuta madzi chipindacho chikamalowa, monga zimachitira mawaipa pagalasi. Inayo ndi yamphako ngati paipi yofewa, ndipo imagwira ntchito pokhapokha yafinyidwa. Chipinda chikalowa mpaka kumapeto, mkombero wake wakunja umapanikiza mphirayi kukhoma. Chikatuluka mpaka kumapeto, mkombero wamkati umapanikiza inzake. Chikaima pakatikati, kapena chikapendekeka pang'ono, mphira yamphako imangokhala osafinyidwa, madzi n'kudutsa ngati palibe kanthu.

Apa ndi pomwe pamabwera nkhani ya loko, yomwe anthu ambiri amaimva molakwika. Loko wa slide-out si wa akuba. Pa magalimoto ambiri makina okankha chipinda ali pansi, ndiye pansi pamagwira zolimba koma pamwamba pamadalira kulimba kwa chipindacho. Galimoto ikamakhota m'makona a Khwekhwelere, kapena ikamagwa m'maenje pa M5 kulowera ku Mtakataka, mutu wa chipinda umayedzamira kunja n'kubwerera, kuyedzamira n'kubwerera, maulendo osawerengeka. Mphira yapamwamba imatsekuka ngati mlomo: m'chilimwe mumalowa fumbi, m'dzinja mumalowa mvula yokankhidwa ndi mphepo ya liwiro. Loko ndi mpiringidzo chabe, womwe amaupanikiza mkati pamwamba pa chipinda, pakati pa khoma ndi mkombero, kuti mutuwo usagwedere. Magalimoto ena ali ndi maloko odzitseka okha, koma cholinga n'chimodzi.

Zolakwika pa lokoyu n'ziwiri. Kuiwala kuika ponyamuka kumatha mphira pang'onopang'ono. Kuiwala kuchotsa musanadine batani kumawononga nthawi yomweyo: mota imakankha, mpiringidzo ukukana, ndipo chimodzi chiyenera kugonja, kaya ndi fyuzi, mano a giya kapena mkombero. N'chifukwa chake oyenda nazo mosamala amamangirira kansalu kofiira kumpiringidzo, kalendewere pomwe maso angakaone.

Nditafunsa za mipiringidzo yawo, mayiwo anakaitulutsa pansi pa mpando. Umodzi unali utapindika kalekale, ndipo chipindikireni anasiya kuika yonse iwiri.

Tinayamba ndi zosafuna madzi. Ndinaika levulo ya amisiri omanga nyumba pansi m'galimoto, ndipo bamboyo anavomera kuti usikuwo galimotoyo inaima chopendekera, mbali ya chipinda ili pamwamba. Ndiye kuti madzi onse ogwera padenga la chipinda ankayenderera kukhoma m'malo motsikira kunja. Si madzi ochepa ayi. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita yathunthu. Denga la chipinda la mamita atatu m'litali ndi masentimita 70 m'lifupi, mvula ya mamilimita 50 ikagwa, limalandira malita oposa 100, ndowa zisanu za malita 20, zonse zikukankha mphira imodzi.

Kenako, titatulutsa chipinda, mnyamata wanga anakwera pamakwerero n'kuitana: "Abwana, tabwerani muone nsangu." Denga la chipinda linali litadzaza timasamba ndi minga. Mlendo sangadziwe, koma mlimi aliyense wa kwa Kachindamoto akudziwa kuti nsangu ndi mtengo wosiyana ndi inzake, umayoyola masamba mvula ikamagwa. Mthunzi womwe anausankhawo unawathira zinyalala, ndipo m'mawa atalowetsa chipinda osasesa, zina zinakokedwa kulowa pansi pa mphira. Magalimoto ena ali ndi kalona kodzikulunga pamwamba pa chipinda kotchinga zoterezi. Iyi inalibe.

Kuyesa mphira yamphako n'kosavuta. Mumatenga ndalama ya pepala, kapena pepala la m'kope, n'kuiika pamphira, kenako n'kutseka chipinda. Mukakoka pepalalo likukana, pamenepo pagwira. Likangosolokoka, palibe chikupanikiza. Tinazungulira mkombero wonse motero. Pansi ndi m'mbali pepala limakana, koma pakona yapamwamba chakumbuyo linatuluka ngati talichotsa m'thumba.

Ngakhale zinali choncho sitinathamangire kumata, chifukwa malo odontha akhoza kukhala awiri. Tinapukuta mkati monse, n'kuwaza ufa woyera pang'ono m'mphepete mwa khoma ndi pansi pa zenera, kuti dontho likadutsa lisiye mkwasa. Mnyamata anakhala mkati ndi tochi. Ine panja ndinasenza sipuleya yonga yopoperera thonje, yomwe ndimasungira madzi okha, sinalowemo mankhwala. Lamulo la ntchitoyi ndi kuyambira pansi kukwera m'mwamba, malo amodzi nthawi imodzi, n'kudikira mphindi zingapo musanasunthe. Mukayambira padenga madzi amanyowetsa paliponse, ndipo simudziwa kuti alowera pati. Tinapopera m'munsi, mkati muli gwa. Tinapopera zenera lomwe bamboyo amalikayikira, kwa nthawi ndithu, ufa uli mbee. Titafika pakona yapamwamba ija sipanathe mphindi ziwiri.

"Alowa, abwana! Akutsata chitsulo, akupita kuzenera!"

Bamboyo analowa kukaona yekha kamzere konyowa pa ufa, kochokera pakona, kuyenda chopingasa m'kati mwa felemu, n'kukagwera pomwe amafuna timatepo.

Za silikoni ndinenepo momveka, chifukwa ndimakumana naye sabata iliyonse. Ali ndi malo ake, m'bafa ndi pagalasi la nyumba, koma pa bodi ya galimoto yomwe imapindika ndi kugwedera amasiya pang'ono m'mphepete, madzi n'kulowa pansi pake osatulukanso, dzimbiri n'kumadya mobisa. Choipitsitsa n'choti pomwe papakidwa silikoni, chomatira china sichigwira, ngakhale silikoni watsopano, mpaka mutapala n'kutsuka bwinobwino. Pansi pa felemu ya zenera pamafunika tepi ya butyl, yomwe siuma. Polumikiza mapanelo pamafunika chomatira cha polyurethane, chonga Sikaflex. Ndipo pa mphira yoyenda sipafunika chomatira chilichonse: yang'ambika, isinthidwe.

Cholakwika china chimachokera mu mtima wabwino. Munthu akaona mphira yauma ndi dzuwa la Okutobala la kuno kuchigwa, amaipaka girisi, oyilo wakale kapena Vaseline kuti ifewe. Mphira zambiri za zitseko ndi za mtundu wa EPDM, womwe umapirira dzuwa koma sugwirizana ndi mafuta ochokera ku petulo. Imatupa, n'kufewa mopitirira, n'kuyamba kunyenyeka. Madzi a sopo ndi kansalu n'zokwanira, kenako mankhwala opangidwira mphira ngati alipo.

Chipinda chopendekeka nthawi zina si mlandu wa loko koma wa batire. Batire ya mavoti 12 yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6. Ikatsika, makamaka pa zipinda za timamota tiwiri, mbali imodzi imatsogola ina n'kutsalira, chipinda n'kulowa chokhota ngati dirowa yokokedwa ndi dzanja limodzi. Mwini amamva mota yasiya kulira n'kuganiza kuti chatsekeka, pomwe kona imodzi yatsala sentimita. Ndisanamasule bawuti iliyonse ndimayamba ndayeza batire.

Komanso si madzi onse m'nyumba yoyenda omwe ndi a mvula. Anthu awiri akagona atatseka mazenera, ataphikiramo pa gasi, mpweya wonyowa umasanduka mame pa zitsulo ndi magalasi, n'kumadontha ngati denga labooka. Ndipo ngati sinki ili m'chipinda chotuluka, paipi yake imapindika nthawi iliyonse chipinda chikasuntha, mpaka ikhoza kuyamba kudontha. Kuidziwa n'kosavuta: tsekani mipopi yonse, yatsani pampu, khalani chete. Ikamadzilira yokha pakapita kanthawi, madzi akuthawa penapake m'mapaipi.

Wina anena kuti izi ndi za azungu odutsa. Koma minibasi ya Hiace yoyenda pakati pa Salima ndi Balaka ili ndi matenda omwewa. Chitseko chake chokhwekhwereza chimayenda pa timawilo, ndipo tikatha chitseko chimagwa pang'ono, loko sakokanso mokwanira, mphira sifinyidwa, wokhala kukhomo n'kumanyowa phewa ulendo wonse. Kondakitala amatsekapo ndi jumbo, pomwe chofunika ndi timawilo tatsopano ndi kusuntha chitsulo chomwe loko amagwira. Kaliyala yomangidwa poboola denga popanda chomatira pansi pa mabawuti imadontha mvula yoyamba. Magalimoto obwera kuchokera ku Japan okhala ndi kazenera padenga ali ndi timapaipi totsitsa madzi m'makona, ndipo tikatsekeka ndi fumbi madzi amatsikira pamapazi a dalaivala. Ena amapeza dziwe pomwe pamakhala tayala la sipeya, gwero lake lili mphira ya kumbuyo kwa nyali. Zonsezi ndimazifufuza ndi pepala, ufa, tochi ndi sipuleya yomwe ija.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti eni magalimoto amabwera mochedwa. Dontho laling'ono la mvula imodzi limasanduka pansi powola pofika mvula yachitatu. M'nyumba yoyenda pansi ndi makoma zimakhala ndi pulayiwudi mkati, ndipo ikamwa madzi imatupa, guluu n'kusiya, khoma n'kuchita matuza. Mu minibasi madzi amakhala pansi pa kapeti, kudya chitsulo ndi mawaya, mpaka tsiku lina mwendo wa mpando utulukire kunsi.

Alendo aja anakhala pagalaja mpaka masana. Tinasesa denga la chipinda, tinachotsa minga pansi pa mphira, n'kupeza kuti yamphako yang'ambika pakona kutalika ngati chala. Ya mtundu wake weniweni kuno kulibe, ndiye tinadula chidutswa cha mphira ya chitseko cha kumbuyo kwa minibasi yofanana nayo kunenepa, n'kulumikiza ndi guluu wa mphira, ndipo ndinawauza kuti n'chongowafikitsa komwe angapeze yoyenera. Mpiringidzo wopindika tinauwongola pa vaisi, kumapeto kwake n'kuvekako zidutswa za chubu cha tayala kuti usakande khoma. Tinabwerezanso pepala, linakana. Tinapoperanso pakona kwa mphindi khumi, ufa unakhalabe wouma. Mayiwo anang'amba kansalu kofiira n'kumanga kumipiringidzo yonse iwiri, matiresi anawayanika pamwamba pa mipando, ndipo cha m'ma 2 koloko anakhotera msewu wa ku Monkey Bay, mitambo ikusonkhananso pamwamba pa mapiri a Dedza.